Cipupa Ca Nyumba Yoyamba

Anzanga acinyamata, ambiri a ife kuno ku Katete, Sinda ndi Vubwi sitiyamba banja m'nyumba ya njerwa zoocha. Simenti ifuna ndalama. Timayamba ndi mitengo, luzi ndi dothi, monga anacitira makolo athu. Koma ngakhale nyumba yotere ili ndi funso lofunika kuyankhidwa nkhwangwa isanagwire mtengo: cipupa cikhale cocindikala motani?

Ine funsoli linandipeza kucikamwini ku Vubwi. Mkazi wanga anali woyembekezera, ndipo mwana anali kudzabadwa mu June, mwezi wa mphepo. Anzanga anati, "Iwe, imika timitengo tating'ono, umange mbalo mbali imodzi, umate msanga. Ndalama yako ipite ku malata, anthu akuone." Koma atsibweni a mkazi wanga anati, "Akamwini, nsici zikhale zonenepa ngati mkono wanu, mbalo mumange mkati ndi kunja komwe, dothi lilowe pakati. Khanda sililabadira kunyezimira kwa denga."

Ndinatsata mau a akulu, ndipo ndifuna kukuuzani cifukwa cake.

Dothi limamwa kutentha pang'onopang'ono, n'kukutulutsanso pang'onopang'ono. Dzuwa likaomba cipupa ca masentimita 10, kutentha kumafika mkati patapita maola ngati 3 cabe. Ndiye kuti mu October, pamene kunja kwapitirira madigiri 30, m'nyumba mumayamba kuocha masana omwewo. Cipupa ca masentimita 20 cimacedwetsa kutenthako pafupifupi kawiri, kotero kumafika dzuwa litapendeka, pamene mungatsegule mazenera kuti mphepo ya madzulo ipite. Mu June ndi July cipupa comweco cimasunga kafundidwe ka masana ndi kukapereka usiku, ana ali mtulo.

Nkhani iyi si yathu tokha. Ku Canada, kumene nyumba zambiri ndi za matabwa, womanga amasankha pakati pa thabwa la mamilimita 89 ndi la mamilimita 140. Lalikulu ndi lodula, koma limasiya mpata waukulu woikamo zofunditsa zonga thonje. Cinsinsi ca zofunditsazo ndi mpweya umene umatsekeredwa mkati mwake, pakuti mpweya wosayenda sulola kutentha kudutsa msanga. Ife tili naco kale cinsinsi cimeneci mu udzu wofolera. Denga la udzu locindikala lili ndi mpweya wambiri pakati pa mapesi ake. Lata lilibe. Ndico cifukwa cake masana limaocha ngati ciwaya, m'mamawa n'kumadontha mame.

Sindinena kuti malata ndi oipa. Sagwira moto ngati udzu, ndipo safuna kufolera kawirikawiri. Koma dzuwa la masana limagwa pa denga koposa pa cipupa. Tsono ngati mwagula malata, yalani mphasa kapena bango kunsi kwake monga siling'i, musiye mpata pakati, ndiponso tizibowo m'mbali kuti mpweya wotentha uzituluka.

Cipupa cocindikala cili ndi mtengo wake. Dothi ndi lolemera, ndipo nsici zofooka zimapindika. Madzi opondera dothi amaculuka, ndipo ife tinali kuwatunga kutali. Sitinamate tsiku limodzi ai. Tinamata coyamba, tinadikira kuti ciume ndi kung'aluka, kenaka tinabwereza kutseka ming'alu, pakuti m'ming'alu ndi m'mene mumabisala nsikidzi. M'dothi tinasakaniza udzu wodula-dula kuti ligwirane. Nchito imene anzanga anati ndi ya sabata imodzi inatitengera mwezi wathunthu. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Palinso adani awiri, ciswe ndi mvula. Nsici za mwanga ciswe siciziboola msanga, koma mwanga umakula mocedwa ndipo wacepa cifukwa ca makala ndi kutsegula minda. Musadule popanda kufunsa anyakwawa, ndipo m'nkhalango za boma mufunika cilolezo. Ine ndinaika mwanga m'ngodya ndi pakhomo pokha. Mbalo zinali za nsungwi, imene imaphukanso ikadulidwa. Matsinde a nsici tinawawaula pamoto tisanazike. Denga tinalitulutsa kunja ndithu, ndipo khonde tinalikweza, kuti mvula ya January isadye cipupa kunsi.

Mwana anabadwa pa nthawi yake. Usiku wa mphepo sitinasonkhe mbaula m'nyumba yotseka, cinthu cimene capha anthu ambiri ndi utsi wake wosaoneka. Bulangeti limodzi linakwanira.

Mnyamata mnzanga, ngakhale ndi gowelo cabe limene ufuna kumanga, yambira pamenepo kuphunzira. Pita ukakhale m'nyumba ya agogo masana a October, kenaka ukalowe m'nyumba ya malata yopanda siling'i. Gwira zipupa zonse ziwiri, uyese kucindikala kwake ndi cikhatho. Ukatero ufunse amene anazimanga, asanapite ndi nzeru zao.