Nkhwani Wathu ndi Dzuwa la Julaye

Mwa ndiwo zonse zimene tidasiya kumudzi, palibe imene imativuta kuipeza kuno ku Indiana ngati nkhwani. Ufa umapezeka, nyemba zili mbwee, ndipo usipa wouma abale amatinyamulira akamachokera kwathu. Maungu enieniwo, ukafika mwezi wa Okutobala, amaunjikidwa pakhomo pa masitolo, ena aakulu moti mwana sanganyamule, koma ambiri amagulidwa kuti abooledwe maso ndi kamwa pa Halloween. Masamba ake simungawaone m'masitolo akuluakulu. Choncho aliyense wofuna nkhwani wotendera ayenera kugwira khasu yekha, kaya ndi kuseri kwa nyumba, kaya pa kamunda kobwereka, kaya m'ndowa zoikidwa pakhonde. N'chifukwa chake masamba a maungu akayamba kufota masana, mtima wathu umagunda mosiyana ndi wa mnansi wathu amene adangodzala kuti aone zipatso.

Nthawi imene tili nayo ndi yochepa. Chisanu chowononga mbewu chimatha cha kumayambiriro kapena pakati pa Meyi, ndipo chimabweranso mu Okutobala. M'miyezi isanu imeneyi m'pamene tiyenera kudzala, kuthyola, kugawana ndi abale ndiponso kufutsa kapena kusunga mufiriji ndiwo za m'nyengo yozizira. Pakati penipeni pa miyeziyi pali Julaye ndi Ogasiti, pamene kutentha kumapitirira madigiri 30 masiku ambiri. Amene tidaliko chaka cha 2012 tikukumbukira kuti mu Julaye mzinda wa Indianapolis udatentha kupitirira madigiri 40, ndipo akuluakulu a mzindawo adaletsa kuthirira kapinga chifukwa cha chilala. Dzuwa lotere likakwera, mmera umene m'mawa unali wobiriwira ndi wotambalala umagwetsa masamba ngati ambulera zothyoka.

Kwathu sitinkaziona kawirikawiri zoterezi, ndipo chifukwa chake n'chosavuta kumva. Maungu timadzala ndi mvula yoyamba, cha mu Novembala kapena Disembala, pakati pa mizere ya chimanga. Akamayanga amakhala pamthunzi wa chimangacho, kumwamba kuli mitambo, nthaka ili ndi chinyezi. Amene amadziwa kufota kwa masana ndi alimi a m'madimba, amene amalimbana ndi dzuwa la Okutobala atanyamula kheni m'manja. Kuno tadzala maungu pamtetete, pafupi ndi mpanda kapena khoma limene limatentha ngati chiwaya, ndipo dzuwa la Juni limakhala m'mwamba pafupifupi maola 15.

Chodabwitsa n'chakuti mbewu imeneyi kuno ndiye kwawo. Maungu adayamba kulimidwa ku Mexico zaka pafupifupi 10,000 zapitazo, ndipo adafika ku Africa pamodzi ndi chimanga, Azungu atayamba kuwoloka nyanja ya Atlantic. Eni nthaka akale a dziko lino, monga a Haudenosaunee, ankadzala chimanga, nyemba ndi maungu m'munda umodzi, n'kumati mbewu zitatuzi ndi pachibale. Chimanga chimapereka poyanga nyemba, nyemba zimawonjezera chonde, ndipo masamba a maungu amaphimba nthaka kuti isaume msanga. Umu ndi momwenso agogo athu amalimira ku Dedza, ku Chipata kapena ku Angonia. Nzeru imene tidaiona ngati yakumudzi ndiyo imene dzuwa la kuno likutikumbutsa.

Pa zaka zimene takhala tikulima kuno, taona kuti kufota kulipo kwa mitundu ingapo, ndipo mlimi ayenera kuyamba wadziwa kuti akuona kufota kuti. Koyamba ndi kwa masana chabe. Tsamba la dzungu ndi lalikulu, ndipo lili ndi timabowo tosaoneka ndi maso timene madzi amatulukiramo ngati nthunzi. Dzuwa likafika paliwombo, madzi amatuluka mofulumira kuposa mmene mizu ingathe kukokera ena kuchokera m'nthaka, ngakhale nthakayo ili yonyowa. Tsamba limalefuka n'kuzyolika, ndipo potero limachepetsa mbali imene ikuwombedwa ndi dzuwa. Kukayamba kuzizira madzulo limadzukanso, ndipo pofika m'mawa limakhala ngati palibe chidachitika. Kufota kumeneku si matenda.

Apa m'pamene pamafunika kudekha, pajatu akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha. Munthu akabwera kuchokera kuntchito masana n'kupeza munda wagwa, dzanja limathamangira ku payipi. Koma madzi ochuluka m'nthaka yamakande, imene ili yofala m'madera ambiri kuno, amatsekereza mpweya, mizu n'kuyamba kuola. Mizu ikaola singathenso kukoka madzi, mmera umafota koposa, ndipo mwini wake amathiranso ena. Nthawi yoyenera kuweruza munda ndi m'mamawa dzuwa lisanakwere. Ngati masamba adzuka, palibe chodetsa nkhawa. Ngati adakali ozyolika, tipise chala m'nthaka masentimita asanu. Tikapeza kuti ndi youma, vuto ndi ludzu. Tikapeza kuti ndi yonyowa, vuto lili kwina ndipo madzi sangalithetse.

Ludzu lili ndi mankhwala odziwika. Maungu amafuna madzi ofanana ndi mvula ya mamilimita 25 pa sabata, ndipo m'masiku otentha kwambiri amafuna oposa pamenepo. Kuthirira kokwanira kamodzi kapena kawiri pa sabata kumaposa kuwaza pang'ono tsiku lililonse, chifukwa madzi akalowa pansi mizu imawatsatira, ndipo mizu yozama siivutika msanga. Timathirira m'mawa, patsinde, osanyowetsa masamba, popeza masamba ogona onyowa amaitana matenda. Kenaka timaphimbira nthaka ndi mapesi, udzu wouma kapena masamba a mitengo amene tidasonkhanitsa chaka chatha, n'kusiya kampata pang'ono kuzungulira tsinde. Amene adadzala m'ndowa asadalire lamulo la sabata, chifukwa ndowa imauma tsiku limodzi, makamaka yakuda. Imeneyo imafuna kuyang'aniridwa m'mawa uliwonse ndi kusunthidwira pamthunzi masana.

Kufota kumene kumatiliza kwenikweni ndi kuja kumene sikutha usiku. Kum'mawa kwa mapiri a Rocky kuli mbozi yoboola tsinde la maungu, imene khalidwe lake ndi lofanana ndi la kapuchi wa m'chimanga. Mayi wake ndi gulugufe wouluka masana, wamtundu wakuda ndi wofiirira, amene ambiri amamuyesa mavu. Amaikira mazira patsinde pafupi ndi nthaka cha kumapeto kwa Juni ndi mu Julaye. Mazira akaswa, mbozi imalowa m'kati n'kumadya kwa milungu inayi kapena isanu ndi umodzi, ndipo njira ya madzi imaduka. Kunja mmera umaoneka wathanzi mpaka tsiku limene wagwa, monga chikomekome cha mkuyu. Chizindikiro chake ndi kabowo patsinde kamene pakutuluka zinthu zonga utuchi wonyowa. Tikakapeza msanga, timang'amba tsinde ndi leza motsata utali wake, n'kuchotsa mbozi, n'kukwirira balalo ndi dothi lonyowa.

Palinso nthenda ya mabakiteriya imene imafalitsidwa ndi tizikumbu tachikasu tamizere kapena tamawanga takuda, timene timakondanso nkhaka. Imayamba ndi tsamba limodzi, kenaka nthambi, kenaka mmera wonse. Poiyesa timadula nthambi yofota, n'kugunditsa mbali ziwirizo, n'kuzilekanitsa pang'onopang'ono. Pakaoneka timaulusi tonanda, ndiye kuti ndi imeneyo. Ilibe mankhwala, ndipo chotsala ndi kuzula mmerawo kuti tizikumbu tisatenge nthendayo kupita nayo ku ina. Kuzula chinthu chimene wachisamalira kuyambira Meyi kumawawa, koma kulekerera kumatayitsa munda wonse. Pokayika tisachite manyazi kufunsa. Yunivesite ya Purdue ili ndi maofesi a alangizi a zaulimi m'maboma onse 92 a Indiana, ndipo ntchito yawo ndi yofanana ndi ya alangizi amene tinkawaona akuyenda panjinga kumudzi. Safunsa adadya phula.

Ife odya masamba tili ndi mwayi umene olima zipatso alibe. Poyamba, dzungu loyanga limamera mizu pa mfundo iliyonse imene yakhudza nthaka, choncho tikamakwirira mfundo zingapo m'mene likuyanga, ngakhale mbozi idule tsinde loyamba, nsonga zimapitiriza kukhala ndi moyo. Chachiwiri, popeza sitikudikira kuti dzungu likhwime, tingathe kudzalanso kumayambiriro kwa Julaye, ndipo mmerawo umakula nthawi yoikira mazira ikupita kumapeto, n'kutipatsa masamba anthete mpaka chisanu chitafika. Chachitatu, mtundu wa butternut uli ndi tsinde lolimba limene mbozi siilikonda, ndipo masamba ake amadyeka bwino lomwe. Pothyola, timasankha m'mawa masamba ali otsitsimuka, ndipo sitimaliza onse pa nthambi imodzi, chifukwa mmera umene ukulimbana ndi dzuwa umafunabe masamba odzitetezera.

Wina angafunse kuti n'chifukwa chiyani tikuvutikira masamba pamene sipinachi ali m'sitolo. Yankho timaliona tsiku limene mphika uli pamoto. Amayi athu amene adabwera kudzaona adzukulu, amene masiku ambiri amangokhala m'nyumba osadziwa poyambira, akalandira mtolo wa nkhwani manja awo amayamba okha kusadzula, ndipo nkhani zimatuluka. Mwana wobadwira kuno, amene Chichewa chimamuvuta, amaphunzira pomwepo mawu akuti nsinjiro, chiluwe, mfutso, chidulo, ndipo sawaiwala chifukwa adawagwira ndi manja. Pa 6 Julaye, tikamasonkhana kukumbukira ufulu umene Malawi adalandira mu 1964, mbale ya nkhwani ndiyo imayamba kutha. Pamaliro, pamene m'bale wathu wataya kholo ndipo sangathe kupita kukaika, nsima ya nkhwani wotendera imanena zimene pakamwa pathu palephera. Mmera umodzi ukafa mu Julaye, ndi mbale zonsezi zimene zachepa.

Mundawu watiphunzitsanso kuyang'anana. Tonsefe kuno timafota masana. Ntchito ziwiri, mashifiti a usiku, ndalama zoyenera kutumizidwa kumudzi, mapepala odikirira, zonsezi zimazyolikitsa mutu, ndipo ambiri tikagona timadzuka tili bwino. Koma pakati pathu pamakhala ena amene m'mawa umawapeza adakali ofota. Asiya kubwera ku misonkhano, foni sakuyankha, tikakumana nawo amangoti zili bwino. Oterewa mawu olimbikitsa oponyedwa patali sawathandiza, monga mmene madzi sathandizira tsinde lobooledwa. Pamafunika wina wopita pafupi, kukhala nawo pansi ndi kufunsa modekha kuti pakupweteka ndi pati. Nthawi zambiri njira yosavuta yogogodera pakhomo lotere ndi kunyamula mtolo wa ndiwo.

Choncho, abale ndi alongo, amene mwadzala chaka chino musataye mtima poona masamba agwa masana. Dikirani m'mawa, pisani chala m'nthaka, yang'anani tsinde. Amene munda wanu wachita bwino, siyani dzungu limodzi likhwime kuti tipeze nthanga, muziumitse bwino pamthunzi ndi kuzisunga mu envelopu yolembedwa chaka. Nthanga zochokera kwathu zili ndi malamulo ake polowa m'dziko lino ndipo ziyenera kuonetsedwa pabwalo la ndege, choncho zimene takolola konkuno ndizo chuma chathu chodalirika. Amene mulibe malo, funsani kwa anzanu amene ali ndi mpata kuseri kwa nyumba, chifukwa mapando atatu okha amakwanira kudyetsa mabanja awiri. Ndipo inu a ku Texas, ku Johannesburg, ku Harare ndi ku Manchester, kumene dzuwa ndi nthaka zili ndi makhalidwe ena, tilembereni mutiuze mmene nkhwani wanu akuchitira, kuti nafenso tiphunzireko.