Mau Amene Aona M'mimba

Mleme uuluka mumdima osagunda mtengo, cifukwa ulira mau okwera kwambiri amene khutu la munthu silingamve, ndipo mauwo akagunda cinthu abwerera kudzauuza. Nzeru yomweyi ndiyo imene Dotolo Ian Donald wa ku Glasgow analowa nayo m'cipatala.

M'caka ca 1955 iye ananyamula zotupa zocotsedwa m'mimba mwa odwala, napita nazo ku fakitale ya Babcock and Wilcox, kumene amisiri anali ndi makina ofufuzira ming'alu m'citsulo. Unali ulendo wooneka ngati wamisala. Koma makinawo anasiyanitsadi cotupa ca madzi ndi cotupa colimba, pakuti mau abwerera mosiyana.

Umboni waukulu unali mai wina amene madotolo anataya naye mtima, poyesa kuti ali ndi kansa yosacizika. Makina anaonetsa kuti munali thumba lalikulu la madzi. Anamcita opareshoni, nacira. Donald, John MacVicar ndi Tom Brown analemba za nchito yao mu The Lancet m'caka ca 1958.

Lero makinawa achedwa ultrasound. Namwino aona nawo ngati mai wapakati wanyamula mapasa, kapena ngati mwana wagona mopingasa, nthawi yothamangira ku cipatala cacikulu ikadalipo.