Ulemu wa atsogoleri ku Ireland ndi ku Malawi: a Michael D. Higgins ndi a Justin Malewezi

A Michael D. Higgins anali mtsogoleri wa dziko la Ireland kuyambira pa 11 November 2011 mpaka mu November 2025. Anabadwira ku Limerick mu 1941, koma chifukwa cha kudwala kwa bambo awo analeredwa ndi achibale pa munda wina ku County Clare. Anayamba agwirapo ukalaliki ku kampani ya magetsi asanapite ku yunivesite ya ku Galway, kumene pambuyo pake anakhala mphunzitsi. Ndale sizinawayendere msanga. Anaima kangapo pa chisankho cha aphungu m'dzina la chipani cha Labour nkumagwa, ndipo mpando wa Galway West anaupeza mu 1981, nkuutaya chaka chotsatira, nkudzaubwerera mu 1987. Kuyambira pamenepo anaugwira mpaka 2011. Anakhalaponso mfumu ya mzinda wa Galway kawiri.

Ntchito yawo yaikulu m'boma anaigwira pakati pa 1993 ndi 1997 ali nduna ya zaluso, chikhalidwe ndi madera olankhula chinenero cha makolo awo. Nthawi imeneyo ndi imene wailesi ya kanema ya chinenerocho, yomwe lero imatchedwa TG4, inatsegulidwa mu 1996. Ali pulezidenti anakhala mtsogoleri woyamba wa Ireland kuyenda ulendo wa boma ku Britain, mu April 2014, ndipo mu November chaka chomwecho anafika ku Malawi. Mu 2018 anasankhidwanso ndi mavoti oposa 55 pa 100 alionse.

Udindo wa pulezidenti ku Ireland uli ndi malire othina. Boma limayendetsedwa ndi nduna yaikulu, Taoiseach. Pulezidenti amasaina malamulo, angathe kutumiza bilu ku khoti lalikulu kuti likaone ngati sikutsutsana ndi malamulo oyendetsera dziko, ndipo sangatuluke m'dziko boma lisanavomereze. Amakhala zaka 7, ndipo saloledwa kupitirira kawiri. Pa za ulemu malamulo ndi ouma kwambiri: gawo 40 limaletsa boma kupereka maina aufumu, ndipo nzika siingalandire dzina laulemu la kunja popanda chilolezo cha boma. Nchifukwa chake Ireland ilibe mndandanda wa mamendulo a boma ngati wa Britain. Mphoto zimene a Higgins analandira zinachokera kwina: ya mtendere ya Seán MacBride mu 1992, mendulo za maiko ngati Peru ndi El Salvador, ndi madigiri aulemu a mayunivesite.

Zimene Mmalawi wongofika ku Ireland amadabwa nazo ndi zing'onozing'ono. M'masitolo ndi m'malo odikirira chithandizo simupachikidwa chithunzi cha pulezidenti. Anthu ankangoti "Michael D.", popanda Olemekezeka kapena Bwana. Chikondi chawo chinkaonekera pa tizipewa toluka tovundikira tiketulo ta tiyi, tokhala ndi nkhope ya mkuluyo, tsitsi loyera ndi magalasi, komanso pa agalu ake awiri, Bród ndi Misneach, omwe ana asukulu ankawadziwa maina. Pulezidenti ndiye amapereka ulemu kwa anthu wamba: aliyense wokwanitsa zaka 100 amalandira kalata yake ndi ndalama zokwana €2,540. Milatho ndi nyumba zimatchedwa maina a atsogoleri akachoka pampando. Mlatho wa pa mtsinje wa Boyne unapatsidwa dzina la mayi Mary McAleese mu 2013, patatha zaka ziwiri atatula pansi udindo wa pulezidenti.

Ku Malawi, mwana wa kumapiri a Ntchisi ndi Dowa amene anafika pafupi kwambiri ndi mpando waukulu ndi a Justin Malewezi. Anabadwa mu 1943 ku Ntchisi, naphunzira pa sekondale ya Robert Blake ku Kongwe m'boma la Dowa, ndipo mu 1967 anatenga digiri ku Columbia University ku America. Nawonso anayambira pa choko: uphunzitsi, uhedimasitala, kenako ulembi wamkulu m'maunduna osiyanasiyana, mpaka mu 1989 pamene Kamuzu Banda anawaika kukhala mlembi wamkulu mu ofesi ya pulezidenti ndi nduna. Sanakhalitsepo. Atachoka analowa m'gulu lofuna zipani zambiri, ndipo mu 1994 anakhala wachiwiri kwa a Bakili Muluzi m'boma la UDF. Anakhala pa udindowo zaka 10, akutsogolera ntchito zogulitsa makampani a boma ndi nkhondo yolimbana ndi Edzi.

Malamulo a Malawi amati wachiwiri kwa pulezidenti amasankhidwa pamodzi ndi bwana wake, choncho sangachotsedwe ngati nduna wamba. Koma malamulowo sanena chochita awiriwo akasemphana. Zofuna kuonjezera nthawi ya a Muluzi zitakanika ku Nyumba ya Malamulo, iwo anasankha a Bingu wa Mutharika mu 2003 kuti adzaimire UDF, nkuwadumpha a Malewezi. Mu January 2004 a Malewezi anatuluka m'chipani, nadzaima paokha pa chisankho cha pulezidenti, koma mavoti awo sanakwane 3 pa 100 alionse. Omwe anabwera pambuyo pawo anaona zoposa pamenepa. A Cassim Chilumpha anamangidwa mu 2006 ali pampando, mayi Joyce Banda anachotsedwa mu DPP mu 2010, ndipo a Saulos Chilima anatuluka m'chipani chomwecho mu 2018.

Ulemu wa boma ku Malawi ulipo wolembedwa: Order of the Lion of Malawi inakhazikitsidwa mu 1967. Koma ulemu umene anthu amauona ndi wina. Ndi chithunzi chopachikidwa m'golosale ya pa Mponela, mdipiti wa galimoto umene umaimitsa aminibasi ndi akabaza pa M1, ndi amayi ovala nsalu ya nkhope ya mtsogoleri akuvina padzuwa kuyambira m'mawa. Ndi maina monga Ngwazi, limene Kamuzu ankatchedwa nalo ndipo Bingu anadzalitenganso, kapena Atcheya. Ulemu woterewu umayenda ndi chipani, ndipo chipani chikagwa nawonso umagwa. Bwalo la ndege la pa Lumbadzi ndi umboni: linali Kamuzu International Airport, m'nthawi ya UDF linasanduka Lilongwe International Airport, ndipo Bingu atalowa m'boma dzina lakale linabwerera. Chipatala chachikulu cha ku Lilongwe ndi bwalo la zamasewera la ku Blantyre zinayenda njira yomweyo. Anthu a ku Dowa ali ndi chifukwa chawo chokumbukira mbali ina ya ulemu wa nthawi ya Kamuzu, popeza Dzaleka, asanakhale msasa wa othawa kwawo mu 1994, inali ndende ya omangidwa pa zifukwa za ndale.

Ku Ireland, pulezidenti wopuma amakhala membala wa Council of State, bungwe lolangiza amene ali pampando, ndipo malowo amachokera m'malamulo, osati mu mtima wa womulowa m'malo. Malawi alibe bungwe lotere. Nyumba ya Seneti, imene inalembedwa m'malamulo a 1994 ndipo ikanapatsa mafumu ndi akuluakulu ena malo oyankhulira, inafafanizidwa mu 2001 isanakhalepo nkamodzi komwe. Kunena mwachilungamo, kufanizira maudindo awiriwa kuli ndi malire ake: pulezidenti wa Ireland sagawa maunduna kapena makontirakiti, choncho palibe amene amamuopa kapena kumunyengerera, pamene ku Malawi mphamvu zonse ndi ulemu wonse zili pa munthu mmodzi.

Chimene a Malewezi anapeza kunja kwa chipani chinachokera kwawo. Pa chisankho chomwecho cha 2004 chimene anagwa pa upulezidenti, anthu a dera lina la ku Ntchisi anawasankha kukhala phungu wawo. Pambuyo pake anatsogolera bungwe la Chewa Heritage Foundation, lomwe limasonkhanitsa Achewa a ku Malawi pa zachikhalidwe, kuphatikizapo ulendo wa chaka ndi chaka wa mu August wopita ku mwambo wa Kulamba ku Mkaika, m'boma la Katete ku Zambia, kumene mafumu a ku Malawi, Zambia ndi Mozambique amakaonekera kwa Kalonga Gawa Undi. Anamwalira pa 17 April 2021 ali ndi zaka 77.