Kwa Azamba a ku Area 23

Tinatsika minibasi ku Area 23 mumzinda wa Lilongwe dzuwa lisanatenthe, n'kulowa m'tinjira tafumbi pakati pa nyumba zothithikana. Njira sinavute. Tinangotsatira amayi awiri oyembekezera amene ankapita kusikelo, timabuku ta kuchipatala tili m'manja.

Anatifikitsa pa Achikondi, kachipatala ka amayi kamene Mayi Charity Salima, namwino komanso mzamba, anatsegula mu 2008. Kale amayi ambiri ankachilira kwa azamba a m'midzi, koma mu 2007 boma linaletsa zimenezi pofuna kuchepetsa imfa za uchembere. Zitatero, amayi anachuluka m'zipatala zikuluzikulu monga Bwaila. Malo ngati ano amathandiza kuti mayi achilire pafupi ndi kwawo, koma m'manja mwa munthu amene anaphunzira ntchitoyi.

Pano mwini ntchito ndi mzamba. Amayeza kuthamanga kwa magazi, amapapasa mimba kuti adziwe mmene mwana wagonera, n'kumvetsera kugunda kwa mtima wake. Tsiku likafika, mayi amapeza nkhope yoidziwa kale, ndipo mantha amachepa.

Komabe si mimba iliyonse imene ingathere pamalo otere. Mwana akapingasa, mayi akayamba kutaya magazi kapena kukomoka, ngakhalenso matenda akatalika, pamafunika chipatala chokhala ndi chipinda cha opareshoni ndi magazi oonjezera. Tinaphunzira kuti luso lalikulu la mzamba ndi kuzindikira msanga mayi woyenera kutumizidwa, nthawi isanathe. Paja akuluakulu amati woyembekezera ali ndi pakati: pakati pa moyo ndi imfa.

Pobwerera tinkakambirana za Sifra ndi Puwa a pa Eksodo 1, azamba amene anaopa Mulungu koposa Farao, nasunga ana amoyo. Tinafunsananso za m'makomo mwathu. Kodi amayi athu amayamba sikelo m'miyezi 3 yoyambirira, n'kupitako maulendo 8 monga alangizira a zaumoyo? Kodi zitenje, beseni ndi ndalama ya galimoto zimakhala zokonzeka mwezi usanakwane? Nanga abambofe timadziwa amene tingamugogodere matenda akayamba pakati pa usiku?

Kupemphera n'kofunika, koma kusalowe m'malo mwa kukonzekera. Sabata likudzali, tikatuluka m'tchalitchi, timufunse mlongo woyembekezera uja kumene akachilire, ndiponso amene adzamuperekeze.