Kukonzekera chisankho: kalata kwa mwana wosamukira ku Tete

Fingoè, boma la Marávia

Mwana wanga,

Chisankho chachikulu m'dziko la Mozambique chimachitika zaka zisanu zilizonse. Choyamba cha zipani zambiri chinachitika mu Okutobala 1994, patatha zaka ziwiri boma la Frelimo ndi Renamo atasainirana pangano la mtendere ku Roma pa 4 Okutobala 1992. Chaposachedwa chinali pa 9 Okutobala 2024, ndipo china chikuyembekezeka mu 2029. Pa tsikulo wovota amalandira mapepala atatu: la pulezidenti, la aphungu 250 a Assembleia da República, ndi la nyumba ya malamulo ya chigawo. Lachitatuli ambiri amalipeputsa, chonsecho kuyambira 2019 bwanamkubwa wa Tete amachokera pamenepo: amene dzina lake lili pamwamba pa mndandanda wa chipani chopambana ndiye amatenga mpandowo.

Kukonzekera kwenikweni kumayamba pa kalembera, kutatsala miyezi yambiri. Bungwe la CNE ndilo limayang'anira zisankho, koma oyenda m'midzi ndi makompyuta n'kumajambula anthu ndi antchito a STAE. Kalembera amachitika mwatsopano nyengo iliyonse ya zisankho, motero khadi la 2024 silidzagwiranso ntchito mu 2029. Wolembetsa ayenera kukhala nzika ya Mozambique imene idzakhale itakwanitsa zaka 18 pofika tsiku lovota. Amatenga chitupa cha BI, chiphaso cha kubadwa kapena pasipoti. Wopanda pepala lililonse asabwerere: anthu awiri olembetsa kale pamalopo, kapena mfumu yodziwika, akhoza kumuchitira umboni.

Apa ndi pamene achinyamata ochoka pakhomo amataya voti yawo. Munthu amavotera pamalo pamene analembetsa, osati pamene tsikulo lamupezera. Mu 2024 kalembera anayamba pa 15 Malichi n'kutha pa 28 Epulo, nthawi imene ambiri amabwera kumudzi kudzathandiza za m'munda, pomwe kuvota kunagwa mu Okutobala, iwo atabwerera kuntchito ku Tete kapena ku migodi ya malasha ya Moatize. Wolembetsa ku Fingoè kapena ku Malowera ndiye kuti afunika ndalama ya ulendo ndi chilolezo cha kuntchito, ndipo ambiri amangolekeratu. Nzeru yake ndi kulembetsa kumene munthu adzakhale mwezi wovota. Wokhala mumzinda wa Tete adziwenso kuti kumeneko kalembera amafulumira ndi chaka chifukwa cha chisankho cha makhonsolo: khadi la 2023 linagwiranso ntchito mu 2024. Amene wawolokera ku Zambia, ku Malawi kapena ku South Africa sanatayike ayi. Amalembetsa komweko, amavotera pulezidenti, ndipo nzika zokhala m'maiko ena a mu Africa zili ndi phungu wawo mmodzi.

Khadi likatuluka lisungidwe pouma, ndipo lisaperekedwe kwa munthu aliyense, kaya ndi wa chipani, bwana wa kuntchito kapena mkulu wa dera. Palibe lamulo limene limalola wina kusonkhanitsa makhadi a anzake. Misonkhano yokopa anthu imabwera ndi zitenje, malaya ndi nyimbo, ndipo imatha kutatsala masiku awiri. Woimvetsera bwino ndi amene amafunsa za zinthu zimene akuzidziwa: msewu wa ku Fingoè nthawi ya dzinja, mankhwala m'chipatala, mtengo wa chimanga ndi thonje. Kulandira chitenje sikumanga munthu, pakuti m'kachipinda kovotera amalowa yekha.

Malo ovotera amatsegulidwa 7 koloko m'mawa n'kutsekedwa 6 koloko madzulo. Okutobala ndi mwezi wa dzuwa loswa mtengo m'chigwa cha Zambezi, choncho kulawirira n'kwabwino. Wovota amaonetsa khadi, dzina lake limapezedwa m'kaundula, kenako amalemba X kapena kudinda chala m'kabokosi kamodzi kokha pa pepala lililonse. Zizindikiro ziwiri pa pepala limodzi zimaononga voti. Akaponya mapepala m'mabokosi ake, chala chimaviikidwa mu inki yosafufutika msanga.

Mavoti amawerengedwa pomwepo usiku womwewo, nthumwi za zipani ndi oonerera akupenya. Zotsatira zimalembedwa pa pepala lotchedwa edital, limene limamatidwa poonekera, ndipo nthumwi iliyonse iyenera kulandira lakelake. Pepala limeneli ndilo umboni wa mudzi wonse, ndipo dandaulo limalimba likaperekedwa pomwepo molemba lisanapite ku khoti la boma. Manambala amadutsa ku boma ndi ku chigawo mpaka ku CNE ku Maputo, koma mawu omaliza ndi a khoti la Conselho Constitucional. Mu 2024 khotili linatsimikiza pa 23 Disembala kuti Daniel Chapo wapambana pa mpando wa pulezidenti. Venâncio Mondlane, amene anapikisana naye, anakana zotsatirazo, ndipo pa zionetsero za miyezi imeneyo anthu ambiri anafa, makamaka achinyamata. Kuti munthu akhale pulezidenti ayenera kupeza mavoti oposa theka. Zikalephereka, awiri otsogola amapikisananso kachiwiri, zimene sizinachitikepo chiyambire 1994.

Ndine bambo wako.