Mwana wa ku Tukombo

Kumwera kwa Chintheche, m'mbali mwa nyanja ya Malaŵi, kuli mudzi wotchedwa Tukombo. Kumeneko ndiko kwawo kwa malemu Aleke Banda. Ine ndimakonda kusimba mbiri yawo chifukwa inandiphunzitsa kusataya mtima.

Bambo Banda anabadwira ku Livingstone, m'dziko la Zambia, m'chaka cha 1939. M'zaka za m'ma 1970 iwo ndiwo ankayendetsa kampani yaikulu ya Press Holdings. Kampaniyi inali ndi minda ya fodya, mafakitale ndiponso masitolo a PTC, ndipo inkalemba ntchito anthu zikwizikwi.

M'chaka cha 1980 zinthu zinatembenuka. Boma linawamanga ndi kuwasunga m'ndende zaka 12 popanda kuwazenga mlandu. Taganizani, ana inu: zaka zimenezi zikufanana ndi moyo wonse wa ena a inu!

Atatuluka m'chaka cha 1992, sanakhale pansi kumangodandaula. Chaka chotsatira anayambitsa nyuzipepala ya The Nation, imene inakula n'kufika m'maboma onse a dziko lino. Pambuyo pake anakhalanso nduna ya zachuma. Anamwalira m'chaka cha 2010.

Ndikamaona asodzi a ku Chintheche akusoka ukonde wong'ambika pamchenga, ndimakumbuka bambo ameneŵa. Msodzi weniweni sataya ukonde chifukwa wang'ambika. Amausoka, maŵa n'kuloŵanso m'nyanja. Nanunso mukalephera mayeso, musasiye sukulu. Tengani kope lanu, muyambirenso.