Phula Silinyamula Chitsulo

Ku Mufakose, dera la nyumba zothinana kumadzulo kwa mzinda wa Harare, kulibe dooko. Komabe mtsinje wa Marimba, umene umadutsa m'mphepete mwa derali, umakathira m'nyanja ya Chivero, ija inapangidwa potseka mtsinje wa Manyame mu 1952 n'kutchedwa McIlwaine. Kunyanja kumeneko n'kumene mkulu wina wa ku Mufakose, mbadwa ya ku Nkhotakota imene inafika ku Salisbury m'masiku a Chitaganya, anathera zaka zake zamphamvu akukonza maboti a matanga a anthu ena. Lakelake sanakhalepo nalo. Chuma chimene anatuluka nacho pantchitoyo ndicho kudziwa bwino mzere umodzi wopyapyala, pamene chitsulo cha kunsi kwa boti chimakumana ndi thupi la botilo.

Boti la matanga lokulirapo limakhala ndi chipsepse cholemera kunsi kwake, chachitsulo kapena chamtovu, chimene amalinyero amachitcha keel. Mphepo ikakankha thanga boti limapendekeka, ndipo kulemera kwa chipsepsecho ndiko kumalidzutsa. Chimamangidwa ndi mabawuti aakulu oboola pansi pa boti, ndipo pakati pa chitsulo ndi thupi la fibreglass amapakapo chomatira. Mkuluyu ankachitcha phula monga amanenera kwawo, ngakhale chinali chochokera m'machubu a kusitolo.

Phunziro lake kwa anyamata omuthandiza linali limodzi: phula silinyamula chitsulo. Onyamula ndi mabawuti, ndipo ntchito ya phula n'kukaniza madzi. Eni maboti ambiri sankazimva zimenezi. Akaona mng'alu pamzere uja, dzimbiri likuchucha, ankathamangira guluu wamphamvu koposa. Koma chitsulo ndi fibreglass sizifutukuka mofanana kukatentha, ndiponso boti likamapendekeka mzerewo umasuntha pang'ono. Chomatira chouma gwaa ngati epoxy chimasweka. Silicone wa m'mawindo sagwira bwino pansi pa madzi, mitundu yake ina imatulutsa asidi wodya chitsulo, ndipo pamene wapakidwa chomatira china chimakana kugwira. Guluu wa polyurethane wonga 3M 5200 amatenga masiku ofika 7 kuti akhwime, ndipo amakakamira mwakuti tsiku lochotsa keel kuti aone mabawuti amatha kusenda khungu la boti. N'chifukwa chake mkuluyu ankakonda polysulfide, amene amakhala wofewa ngati mphira kwa zaka zambiri ndipo amalola mmisiri wamawa kudzatsegula.

Ngakhale phula labwino limalephera m'manja mwa munthu wopupuluma. Chitsulo chimayenera kupalidwa, kupukutidwa ndi kuuma, pakuti dzimbiri lotsalira limafufuma n'kutukula phula. Chubu chokhalitsa pashelefu chimayamba kukhwimira m'kati. Womanga manati mosasamala amafinya phula lonse kunja, mzere n'kutsala wouma. Madzi saiwala khwawa: akangopeza kanjira amakafika pa mabawuti, ndipo chitsulo chija chimatchedwa chosachita dzimbiri chimadyeka mobisika pamalo onyowa opanda mpweya, mutu wa bawuti ukuwala pamwamba khosi lake litatha.

Kwawo ku Nkhotakota msodzi amamata mng'alu wa bwato ndi phula ndi kachidutswa ka lata, ndipo bwato likamalowa madzi amaona ndi maso ake n'kuyamba kukapa. Boti lotaya keel silipereka mpata wotero, chifukwa limatembenuzika m'kanthawi kochepa. Mu May 2014 boti la Cheeki Rafiki, pochokera ku Antigua kubwerera ku Southampton, linapezeka litatembenuzika pa nyanja ya Atlantic lopanda keel, ndipo amuna 4 amene anali m'menemo sanapezeke. Ofufuza ngozi za pamadzi a ku Britain, mu lipoti lawo la 2015, analoza ku malo omatidwa a m'kati mwa botilo, amene mwina anafooka chifukwa cha kugunda pansi kwa m'mbuyomo ndi kukonza kotsatirapo.

Chidziwitso cha mkuluyu chinayesedwa mu 2008, chaka chimene ndalama ya Zimbabwe inasanduka mapepala ndipo m'masitolo munalibe kanthu. Mwini boti wina, pofuna kugulitsa katundu wake asanatuluke m'dziko, anamupempha kuti atseke mng'alu wa pa keel ndi phala lija amamatira matupi a galimoto, apakepo penti, alandire madola a ku America. Mkuluyu anagogoda mabawuti, anaona madzi ofiira akutuluka pansi pa nati imodzi, ndipo anakana pokhapokha keel itatsitsidwa. Madzulo ake mdzukulu wake, amene ankamunyamulira zida, analephera kupirira.

"Agogo, ufa watha m'nyumba. Kodi pansi pa madzi adzaonapo ndani?"

"Mwanawe," anayankha mkuluyo, "m'botimo mudzakwera ana a anthu. Penti sadziwa kusambira."

Ntchitoyo anaigwira wina, botilo linagulitsidwa likunyezimira, ndipo banja la mkuluyu linagona ndi njala sabata imeneyo. Palibe anamuthokoza, pakuti ntchito ya mtundu uwu ikachitika bwino siioneka, ndipo ikakanidwa imasiya mphika wopanda kanthu.

Ana a matchona a ku Mufakose amadziwa mwanjira yawo kusiyana kwa chomata ndi chonyamula. Mu 2001 lamulo la unzika linasinthidwa, ndipo anthu ambiri obadwira mu Zimbabwe kwa makolo a ku Malawi, Zambia ndi Mozambique anauzidwa kuti akane unzika wa mayiko amene ena a iwo anali asanapondeko. Amene sanatero anawerengedwa ngati alendo ndipo anataya ufulu wovota. Malamulo oyendetsera dziko a 2013 anabwezera unzika kwa obadwira m'dzikomo amene kholo lawo linachokera m'mayiko a SADC. Ana a mkuluyu atakatenga zitupa zatsopano, iye anakondwera, chifukwa anaona mmene mavuto amalowera m'nyumba yopanda chitupa. Koma anawakumbutsa kuti chitupa ndi phula chabe. Zimene zinagwira banja lawo m'zaka 12 zija zinali zina: manda a agogo awo aakazi m'nthaka ya Harare, bungwe la maliro limene ankasonkhako mwezi ndi mwezi, ndi anansi a Chishona amene ankawabwereka ufa osafunsa za pepala. Zimenezo, iye anati, n'zofunika kumaziyendera kawirikawiri, chifukwa nazonso zimadyeka m'kati pamwamba pakuoneka bwino.